Supuni Yoitanira Achimwene

Usiku woyamba kugona kwa apongozi ake, make mwana anamva zikhadabo zikukanda lata kuseri kwa nyumba. Anagwedeza mwamuna wake.

"Gona iwe, ndi Achimwene amenewo."

"Achimwene anu amakanda malata?"

Kutacha anawaona Achimwenewo: ng'azi yaitali ngati benchi, lilime lamphanda, ili m'khola la malata ndi waya. Mwini wake anali apongozi akewo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene msewu wonse unkawatcha a Mchira. Mkuluyu ankadziwika ndi chinthu chimodzi: chilichonse chopatsa ng'azi yake ankayamba wachiyesa yekha. Dzira laliwisi ankamwako. Mphemvu analawapo kamodzi, n'kunena kuti vuto lake ndi mchere basi.

Loweruka kunkabwera anzawo oweta ng'azi, telala ndi wowotcherera zitsulo, kudzakangana. Telala ankati ng'azi imafuna babu lotentha. Wowotcherera ankati babu ndi chibwana, chofunika ndi mwala wootha dzuwa. A Mchira anavula malaya, kugona pansi pa babu, kenako pamwala, n'kudzuka atapsa mbali zonse.

"Nonse mukufuna kundiwotchera m'bale wanga. Achimwene akufuna dothi lakuya, azidzikumbira okha."

"Ndiye tikukwirireni muyese kaye?" anatero telala.

"Tsikulo likadzafika ndidzakuuzani mmene mukumvekera."

Mkangano waukulu unali wa supuni. A Mchira ankati anaphunzitsa ng'azi kubwera akagogoda supuni pambale yachitsulo. Anzawo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Ng'azi si galu, achikulire! Ikubwerera fungo la dzira imeneyo."

Make mwana sankalowerera. Iye ankangoyang'ana zala za mwana wake, zonenepa ngati timbewa, n'kuyang'ana kukamwa kwa Achimwene. Tsiku lina, akudyetsa mwana phala pakhomo, anagogoda supuni pambale kuti mwana atsegule pakamwa. Ngwe, ngwe. Atatukula maso, Achimwene anali pamapazi pake, akudikira gawo lawo.

Mmene anakwerera patebulo, mwana ali m'manja, sakumbuka.

"Bambo! Bambo!"

"Musakuwe apongozi, mwawaitana nokha. Iii, bwenzi telala alipo!"

Madzulo omwewo masupuni onse achitsulo analowa m'sutikesi, ndipo nyumba yonse inkatakasa tiyi ndi yapulasitiki. A Mchira sanadandaule. M'mawa mwake make mwana anawaona pawindo akukwawa ndi mawondo kuzungulira bwalo lonse, mkulu waimvi, akupisa dzanja pa kabowo kalikonse.

"Mwataya chiyani, bambo?"

"Ndikuyesa kukhala mdzukulu wanga. Pomwe palowe dzanja langa, lake lilowa kawiri."

Anatseka mabowo onse tsiku lomwelo.

Patapita nthawi, a Mchira anamwalira atakhala pampando wawo, moyang'ana khola, tiyi ali m'manja. Make mwana sanalire. Anatenga kapu ija n'kuitsuka. Anthu anabwera, anaimba, anapita. Kumanda telala anaponya dothi. Mwamuna wa make mwana, amene ankayendetsa thiraki, anabwerera pamsewu.

Kenako make mwana anapeza khola lili lopanda kanthu, pansi pa lata pali dzenje. Achimwene anali penapake pabwalo pomwepo, pansi pa dothi, kapena kuseri kwa nkhuni, kapena kunsi kwa bedi. Kuyambira pamenepo mwana sanapondenso pansi. Make ankaphika, kuchapa, ngakhale kusamba, ali naye kumsana. Msana unachita dzanzi, iyenso anachita dzanzi.

Loweruka anzawo aja anafika ndi thumba.

"Tifukize utsi m'dzenjemo," anatero wowotcherera.

"Mupha nyama inu. Tiike dzira, ituluka yokha."

"Dzira lakhalapo kuyambira dzana, ladyedwa ndi nyerere."

Anakangana, koma mawu awo ankathera m'malere. Panalibe wovula malaya.

Make mwana analowa m'nyumba, n'kutsegula sutikesi, n'kutulutsa supuni. Anamanga mwana kumsana kawiri, n'kukaima pakati pa bwalo, mbale ili m'manja. Ngwe, ngwe.

Dothi la pansi pa mpando wa a Mchira linagwedezeka. Panatuluka mutu, kenako thupi lowonda, khungu lili lende. Ng'azi inadutsa dzira lija osalinunkhiza n'komwe, n'kudzaima pamapazi pake.

Telala anavula chipewa. "Achikulire aja ankanena zoona."

Wowotcherera anatsegula thumba. "Ndiitenge ine, mayi, mupume."

Make mwana anayang'ana mpando, n'kuyang'ana bwalo lopanda bowo ngakhale limodzi kupatula lomwe anakumba Achimwene. Pamsewu panali zii, ngati Loweruka silinafike.

"Thumbalo pindani," anatero. "Mawa mubwere ndi makina anu, muwotcherere khola mpaka pansi. Inu atelala, ndipatseni dzira lina."

Anagogoda dziralo pambale, n'kuliyang'anitsitsa. Anatseka maso, n'kumwako pang'ono.