A Mabokosi ndi Pulogalamu Yosamva Chitelala

Mumsewu wa matelala aliyense ankadziwa kuti a Mabokosi sayankha funso asanajambule bokosi. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankasolola pepala n'kujambula mabokosi awiri, lina "bwino", lina "pang'ono", muvi pakati.

Amene adawona nazo zakuda ndi mlamu wawo, mayi wosoka madiresi. Tsiku lina adangowaona atulukira pashopu, kompyuta ili m'khwapa.

"Alamu, pulogalamu iyi ndi ya aliyense. Anthu amajambulira mapulani a mabanki, a zipatala, chilichonse. Ine ndiiphunzitsa chitelala. Inu muzingoiuza kolala, mkono, chiuno, iyo izitulutsa patani."

"Nanga panopa ikudziwa chiyani?"

"Bokosi ndi muvi."

"Basi?"

"Mwana amayamba ndi 'mama', alamu."

Bokosi lija adalitcha "mkono", pulogalamu n'kulola mikono isanu padiresi limodzi. Ataiikira lamulo loti mikono ndi iwiri, idakana siketi, ati ndi yolumala. Kenako idatulutsa patani ya buluku lokhala ndi zipi kuseri kwa bondo. Mayiyo adalisoka dala n'kuwapatsa. Iwo adalivala mpaka ku ukwati.

"Ndi mmene ndidaiuzira," ankatero akafunsidwa. "Wolakwa ndine. Iyo ilibe mlandu."

Imvi zidawamerera pampando wapakona pashopupo. Pamapeto pake pulogalamu idamva: diresi la mkwatibwi wina lidamukhala ngati adabadwa nalo, mayiyo mpaka kululuta. Koma eni ake a pulogalamuyo, anthu akutali osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli telala, adaikonzanso mwatsopano. Mawu onse achitelala adafufutika. Pasikirini padatsala bokosi lopanda kanthu.

"Tiyambiranso, alamu," adatero a Mabokosi, koma chifuwa chinali chitawagwira kale. Adangofika pa kolala. Mkono sadaufike, chifuwacho chidawatenga.

Masiku ano mayiyo amadula nsalu ndi choko ndi tepi ngati kale, ndipo ntchito imatha msanga, tsiku n'kumatalika. Pampando paja paunjikana zidutswa za nsalu. Matelala anzake akabwera kudzabwereka ulusi amayang'ana pakonapo n'kutuluka opanda nthabwala.

Kasitomala wina adafunsa ngati kompyutayo ili pamalonda.

"Ayi," adatero mayiyo, n'kudzibaya singano pachala, zomwe zidamuchitikira komaliza ali mtsikana.