Zithunzi Zogwedezeka za a Taimani

Mumsewu wathu munalibe munthu wojambula zithunzi zambiri kuposa a Taimani, ndipo munalibenso wojambula zoipa kuposa iwo. Zaka khumi ndi zisanu akuzungulira ndi kamera pakhosi, sanatulutsepo chithunzi chooneka bwino ngakhale chimodzi. Ndikunena zomwe ndikudziwa, chifukwa ndimagwira ntchito pakashopu kotsukira zithunzi, ndipo zonse zinkadutsa m'manja mwanga. Ndineneretu kuti zithunzizo ndinaziwononga ndine, amuna awo atandisungitsa. Koma tiyambe ndi eni ake.

Dzinalo linachokera pa kufuula kwawo. Akatindandalitsa pamzere ankakweza kamera n'kukuwa kuti, "Taimani! Musagwedezeke!" Ife tinkauma ngati mapolo a magetsi, kupuma komwe osapuma. Ogwedezeka anali iwo. Batani ankalidina ndi thupi lonse ngati akupha nsikidzi, uku akuseka, uku akukalipira mwana wa eni ake amene watulutsa lilime.

Mwana wa ometa tsitsi atakwatiwa, bambowo anabwera pashopu ndi chithunzi m'manja, ndipo anawapeza a Taimani pomwepo.

"Mayi, taonani. Mkamwini wanga ali ndi maso anayi apa."

A Taimani anati, "Ndiye mukudandaula? Mwana wanu wapeza womuyang'anira."

"Nanga ine mutu wanga uli kuti?"

"Mutu mumauona tsiku lililonse pagalasi lanu lija. Nsapato zatsopanozo ndiye mukanazikumbukira bwanji?"

Atelala nawo anawajambula cha pachiphaso. Kuofesi anachibweza, akuti afotokoze kuti mwa amuna awiri akuoneka apowo, wofuna chiphaso ndi uti. A Taimani atamva anati, "Auzeni apereke ziwiri, onsewo ndi akhama."

Amuna awo ndi okonza mawotchi, munthu wa dzanja lodekha, wotola kasikulu kochepa ngati nsabwe osakagwetsa. Tsiku lina anawagulira choimikira kamera cha miyendo itatu. A Taimani anamangirirapo kamera bwinobwino, kenako ananyamula chinthu chonsecho m'mwamba, miyendo ikulendewera, n'kujambula. Patapita sabata ankayanikapo masokosi.

Palibe ankawaitana. Ankangomva kuti kwakuti kuli mwana wamaliza sukulu, kapena akutsegula golosale, basi afika m'mawa, anyamula mipando, ajambula, athandiza kusesa. Zithunzi zikatuluka ankazigawa okha khomo ndi khomo, wapansi, chilichonse mu envelopu yake. Ife tinkatsegula, n'kuseka mpaka misozi, n'kuponya pamwamba pa kabati. Sindikukumbuka wina akuwapatsa ngakhale mpando kuti apumeko.

Atamwalira, patatha mwezi, amuna awo anabwera pashopu ndi kachitini. Munali makhadi asanu a m'kamera.

"Mwana wathu akubwera kuchokera kutali. Akufuna zithunzi za mayi ake zonse mu alubamu. Mundisamalire, mayi, zilibe kwina."

Nthawi imeneyo abwana anali atangoika pulogalamu yatsopano pakompyuta, yochotsa kugwedezeka pazithunzi. Imafufuza njira imene dzanja linayenda pojambula, n'kuionetsa pakona ngati kamzere kokhotakhota, kenako n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Ndinayesa chimodzi. Mkamwini uja anatsala ndi maso awiri, okongola ndithu. Mtima unandiuza kuti nayi mphatso yomwe sitinawapatse ali moyo.

Masabata atatu nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala pakompyutapo, sikono kudzanja lamanzere. Popeza makhadiwo anali odzaza, kompyuta inkafunsa ngati chatsopano chilowe m'malo mwa chakale. Ndinkavomera. Zomwe inalephera kukonza, zija za denga lokha ndi theka la khutu, ndinazifufuta kuti banja lisachite manyazi. Ine amene ndimawerenga kawiri mapepala a fotokope ndisanapereke, sindinasunge chakale n'chimodzi chomwe.

Okonza mawotchi aja anabwera Lachisanu. Anavala kagalasi kawo ka diso limodzi, n'kuyang'ana chimodzichimodzi, osafulumira.

"Zokongola," anatero. "Wajambula ndani?"

"Ndi zomwe zija, bambo. Ndangozikonza."

"Oho. Nanga zawo zija?"

Ndinafotokoza. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anavula kagalasiko n'kukapukuta ndi malaya.

"Mukudziwa, mayi, iwo sali pachithunzi chilichonse. Nthawi zonse anali kuseri kwa kamera. Mwanayu ankati akawaonera pogwedezekapo. Makina anuwo sangabwezeretse?"

"Sangathe, bambo."

Loweruka ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha zija anatigawira. Ndinazindikira msanga kuti wamanyazi sindinali ndekha. Ometa tsitsi anasuntha galasi n'kusolola chomwe anapinda kuti lisapendekeke. Atelala anapeza chimodzi atadulapo muyeso wa thumba la malaya.

"Pepala lake linali lolimba bwino," anatero, maso ali pansi.

Amayi a pagolosale anafunafuna m'madirowa onse, kenako ananamizira ana. Ena anati mvula, ena anati kusamuka, anthu oti sanasamukepo chibadwire. Msewu wonse unatulutsa zithunzi khumi ndi chimodzi. China chinali changa, chomwe ndinachipeza m'buku la malangizo a makina a fotokope.

Ndinakaziyala patebulo lawo, pakati pa mawotchi otsegula. Bambowo anavalanso kagalasi.

"Ichi chapita m'mwamba n'kubwera pansi. Apa ankaseka." Anachiika pambali. "Ichi chathawira kumanja. Ankakalipira winawake, mwina ine. Ichi ndiye anapunthwa, ndinalipo, anawinduka n'kunena kuti mwala ndi umene unasuntha."

Tinaseka tonse awiri. Kenako anatenga changa chija. Ndinali nditaima pakhomo la shopu, ndipo chilichonse chinali ndi timizere ting'onoting'ono tothinana, ngati muvi wa wotchi yotha batire, umene umangonjenjemera pamalo amodzi.

"Apa sankaseka," anatero. "Dzanja linali litayamba kale kudwala. Anandiletsa kuuza anthu, ankati adzasiya kuima pamzere."

Tsiku limene anandipatsa chithunzicho ndikulikumbuka. Ndinawauza kuti, "Mayi, tsopano mwayamba kujambula chivomezi." Iwo anaseka kuposa ine, dzanja lamanja ali nalo m'thumba la juzi.

Mwana wawo anabwera, anatenga khumi ndi chimodzi zija, chodulidwa thumba chomwe. Alubamu yanga yokonza bwino ija anandithokoza nayo mwaulemu n'kuisiya. Ili pansi pa kauntala. Nthawi zina eni nkhope amabwera kudzapempha chawo, ndipo ndimawapatsa. Amachiyang'ana, n'kunena kuti chaoneka bwino, basi n'kumapita.

Mwezi wathawu mwana wachiwiri wa ometa tsitsi anakwatiwa. Aliyense anajambula ndi foni yake, mwakachetechete, ndipo mkamwini anatuluka ndi maso awiri. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndi amayi ena anayi, tikutsuka mbale. A Taimani okha ndi amene ankazungulira kuseriko n'kutikoka, manja ali thovu, akuti chithunzi sichijambulidwa opanda otsuka. Tsikulo tinangomva m'manja mukuombedwa kutsogolo. Mayi wina anaweramuka, n'kupukuta manja m'chovala chake, n'kukonza tsitsi. Anaima choncho kanthawi akuyang'ana pakona pa nyumba, kenako anatenganso mbale ina.