Duwa Loyenda la Akamwini

Lolemba

Wowerenga ndine ndekha, komabe pepani. Sukulu ndinalekeza sitandade fili, zilembo zanga zimatsetsereka ngati mizere ya m'phiri. Kuwonjeza apo kwazizira, zala zauma.

Ndili kwa Esinati, mwana wanga, kuno ku boma. Iye ali kuchipatala ku Lilongwe. Ali ndi pakati, masiku ake akwana koma magazi akuthamanga kwambiri, ndipo adokotala akuti asamve chilichonse chodetsa nkhawa. Amuna ake, akamwini anga, ali naye komweko. Nyumba andisiyira ine.

Nyumba si vuto. Vuto ndi galasi. Pabalaza pali bokosi lalikulu lagalasi, muli madzi amchere, miyala, ndi tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje, tamizere yoyera. Sitidyedwa. Ndafunsa. Akamwini anakaziona zimenezi kunja ali pa sukulu.

Zimene Esinati wandiuza:
- chakudya n'chongotsina, m'mawa mokha
- osalowetsa dzanja la sopo
- osathira mchere wa ndiwo
- magetsi akazima batire liyamba lokha, osachita mantha

Mantha ndachita kale.

Amayi awo a akamwini, a ku Blantyre, nawonso akufuna kudzalera khandalo. Anali anesi, amavala magalasi. Chipinda cha alendo n'chimodzi. Tinsomba tiwiri tikandifera m'manja, ndani angandipatse mwana wa munthu?

Lachiwiri

Foni! Munthu wogulitsa nsomba ku Lilongwe. Akuti katundu amene akamwini anaitanitsa kalekale wafika, sangamusunge. Dzina lake anemoni. Akuti ndi duwa la m'nyanja yamchere, ndipo tinsombati kwawoko timagona m'kati mwake, ilo limatiteteza.

Ndafunsa Esinati mwaulemu, osamudzidzimutsa. "Amayi, sankhani inu. Amuna anga akuti lililonse losavuta, mutu wawo suli pamenepo."

Ine ndisankhe!

Munthu uja watumiza zithunzi zitatu.
1. Lofiirira ngati madzi a mtsinje m'dzinja, nsonga zake zotupa ngati zala za khanda.
2. Lobiriwira, lotambalala ngati mphasa. Akuti limeneli limameza nsomba. Ayi ndithu!
3. Loyera mbee, ngati ufa woyanika pa dzuwa.

Mawu ake: "Mayi, tengani lofiiriralo. Ndi la ongoyamba kumene, silifa msanga. Loyeralo latopa ndi ulendo, sindikufuna kuligulitsa."

Ehe. Ine ndagulitsa kabichi pa Linthipe kuyambira Esinati ali kumbuyo. Wogulitsa akayamikira chinthu, ndiye kuti chayamba kuwola m'kati. Chimene wabisa pansi pa thumba wasungira abwana. Ndaumirira loyera. Wayankha: "Chabwino mayi, koma ndanena."

"Ndanena" ameneyo sakundichoka m'khutu.

Lachitatu

Lafika pa minibasi, m'jumbo ya madzi, kondakitala akuligwira ngati dzira. Ndachita zonse zimene ndauzidwa: kuyandamitsa jumbo, kuthiramo madzi a m'galasi pang'onopang'ono, kuliika pamwala wapamwamba pamene nyale imawala.

Lili ndi pakamwa! Pakati penipeni! Duwa la pakamwa!

Ndakhala pa mpando kudikira kuti tinsomba tilowe m'nyumba yawo. Sitikuliyang'ana n'komwe. Tili pakona paja, kuseri kwa paipi, pamene timakhala masiku onse. Kakakuluko ndi kakakazi, kamathamangitsa kamuna. Zimenezo zokha ndiye ndikuzimvetsa.

Mayi a Joji, oyandikana nawo nyumba, abwera kudzaona. Aima manja m'chiuno. "Amake Esinati, mwawamangira nyumba ya malata, iwo akugona kukhola." Aseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Lachinayi

LAYENDA.

Ndinaliika pamwamba. M'mawa uno lili m'mbali mwa mwala, pansi. Miyendo lilibe. M'nyumba ndili ndekha. Zitseko ndinakhoma.

Ndawaza madzi odalitsa, koma kunja kwa galasi kokha, poti sindikudziwa ngati mchere wake ukugwirizana.

Masana magetsi azima. Batire layamba kulira ngati mwanapiye wosochera. Kunja chifunga chaphimba phiri, mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Tinsomba ta kumalo otentha, pa Dedza, mwezi uno! Ndafunditsa galasi mabulangete awiri, juzi ya akamwini, ndi chitenje changa cha kutchalitchi. Ine ndakhala ndikunjenjemera, n'kumasuzumira pa kampata.

Magetsi atayaka ndaimbira munthu wa ku Lilongwe.

"Limayenda, mayi. Ndi nyama. Likapanda kusangalala pamalo limasamuka."

Nanga kuyerako?

"Kuyerako ndiye matenda ake. Lathanzi limakhala lofiirira. Mtunduwo ndi umene umalidyetsa."

Ndiye kuti pa Linthipe ponse ndinali wochenjera, lero ndagula kabichi wowola ndi maso anga, mwini wake akundiletsa.

Wati ndilipatse kanyenyeswa ka nsomba yaiwisi. Latenga. Ndasangalala. Patapita kanthawi lalavula.

Lachisanu

Likupita ku pampu. Pakona pali kamakina kozungulira kamene kamakankha madzi, ndipo duwa lasiya mwala wonse, lalunjika komweko. Pang'onopang'ono, ngati munthu wopita kumaliro.

Munthu uja akuti likalowamo ligayika, madzi aipa, tinsomba tonse titha. Akuti ndisalikoke, ling'ambika. Akuti ndisazimitse pampu, tinsomba tibanika. Ndiye nditani? "Auzeni eni ake."

Kuwauza bwanji? Chikwatiwire Esinati, ine ndi akamwini sitinalankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana pa njira ndimapatukira m'chimanga. Zonse zimadzera mwa Esinati. Ndipo Esinati sayenera kumva.

Ndaimba. Akamwini ayankha: "Halo, amayi?" Ndadula.

Ndamwa madzi. Ndaimbanso. "Amayi, kuli bwino?" Ndadulanso.

Atumiza uthenga: "Kuli bwino kunyumba?" Ndayankha: "Inde." Ambuye andikhululukire.

Zimene ndingachite:
- kupemphera (ndachita)
- kuthawira kwathu ku Kabwazi (minibasi ilipo)
- kutchinga njira, monga timachitira ndi mbuzi ku dimba

Ndasankha mbuzi. M'chikwama ndili ndi kamphika kadothi katsopano, kosaphikiramo, kamene ndinabweretsa kuti ndidzaphikiremo phala la Esinati akachira. Ndakatsuka popanda sopo, ndakagoneka cham'mbali pakati pa duwa ndi pampu. Dzanja lonse m'madzi mpaka m'khwapa. Kakakazi kandiluma chala. Kanthu kochepa chonchi!

Duwa laima. Likuganiza.

Loweruka

Duwa kulibe.

Ku pampu kulibe. Pamwamba kulibe. Ndagwada, ndagona chammimba, ndayang'ana mbali zonse. Kuseri kwa miyala, m'kamphako, kukuoneka kanthu koyera ngati mamina. Sikakugwedezeka. Ndanunkhiza madzi, poti akuti likafa amanunkha. Akununkha mchere. Kapena mphuno yanga yatsekeka ndi chimfine, sindikudziwa.

Tinsombanso pakona palibe! Ndayamba kale kuganiza mawu okauza a ku Blantyre.

Kenako kamutu ka lalanje katulukira m'kamphika. Kenako kena.

Talowa mumphika wa phala. Tonse tiwiri. Kakakazi kakusesa m'kati ndi pakamwa, kamuna kakulondera pakhomo. Duwa lochokera kutsidya la nyanja talikana, tafuna dothi la ku Kabwazi.

Mayi a Joji: "Mwaona? Akwatira kwanu. Achita chikamwini."

Foni yalira ndikadali chogwada. Mawu a Esinati, otopa, ang'onoang'ono. "Amayi, ndachira. Wamkazi."

Ndaliza nthungululu pabalaza pomwepo. Tinsomba tathawira mumphika.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, chitenje chija ndinafunditsa galasi chikadali chonyowa.

Akamwini abwera masana kudzatenga zovala za mwana. Nditamva galimoto ndathawira kukhitchini, ndakhala pansi kuseri kwa chitseko. Alowa. Aima. Agwada pa galasi nthawi yaitali. Ayatsa tochi ya foni, aunika kuseri kwa miyala. Apumira m'mwamba.

Atsokomola, n'kuyamba kulankhula ndi tinsomba.

"Inu a mumphika, muwauze amayi kuti loyera sitigula."

Ndayang'ana chitseko. "Chitseko iwe, uwauze kuti ndamva."

"Muwauzenso kuti inu mwatha chaka muli kuseri kwa paipi, lero ndi pamene ndakuonani muli ndi nyumba. Muwafunse ngati mphikawo akuufuna."

"Uwauze kuti phala ndiphikira m'poto."

Iwo kwa tinsomba: "Muwapemphe asapite. Amayi anga akubwera kudzathandiza mwana, chipinda chija atenga iwo. Koma inu sakudziwani. Pakufunika munthu wokudziwani."

Anyamula chikwama, apita.

Ndiye ndi zimenezo. Ndinabwera kudzalera mdzukulu, andilemba ntchito ya nsomba. Matiresi ndayala pabalaza, pafupi ndi galasi. Ndayeza ndi dzanja: khoma la chipinda cha Esinati ndi lopyapyala, mwana akalira ndimva ine poyamba. Anesi amagona ndi mankhwala a msana, ndinamva.

Duwa sindikudziwa ngati lili moyo. Amene adzasambitse mwana tsiku loyamba sananenedwe. Chala chikadali chotupa.