Hiti Pampu Yanga ndi Ndowa ya Apongozi

Wina apukusenso mutu ndimuone! Inu a Mbewe, mukuti hiti pampu sibweza ndalama, munaionapo yanga?

Chinali chaka cha korona, malire atatsekedwa, apongozi anga amene anangobwera kudzaona mdzukulu atakanirira m'nyumba mwanga muno mu Perth, ku Australia. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Ndinkayenda chozemba ngati mbava m'nyumba yolipira ndekha! Ndalama ya tikiti yawo yobwerera tinaisunga, tikudikira ndege. Koma bilu ya gasi inkandidya moyo.

Ndiye pa nthawi yopuma kuntchito ku Welshpool ndinayamba kuwerengera mtengo wa hiti pampu, makina otenthetsera madzi osamba m'malo mwa gasi, wa munthu wodzaika, kuchotsera za gasi zomwe tidzapulumutse, mpaka kakyuleta inafuka utsi, ndinapitiriza ndi choko pakhoma, khoma linatha, ndinalemba pa thiraki yopita ku Darwin, ndipo yankho linabwera nayo pobwerera. Mukumva? Linati tenga ya tikiti, gula makina, malire asanatsegulidwe ndalamayo ibwerera yokha ndi ana ake.

Mkazi wanga, ali ndi yunifomu yaunesi, anangoti, "Bambo a Tadala, ikapanda kubwerera, amayi mukhala nawo mpaka kalekale."

Makinawa, abale, amakama kutentha mumpweya n'kukuthira m'madzi osamba. Anga ankakama mopanda chisoni, moti tsiku loyamba kapinga wa aneba anapsa ndi chisanu Januwale ali pakati, galu wawo atauwa mawu anauma n'kugwa pansi ngati miyala, khwangwala anazizidwa ali m'malere n'kukhala pomwepo mpaka Lachinayi, ndipo mita ya magetsi inazungulira chobwerera mwaliwiro mwakuti tinkaumitsirapo zovala. Ndikanama mphenzi indiwombe!

Bilu itabwera, gasi anali wonenepa monga kale. Ndinasuzumira kukhitchini, ndipo ndinaona zonditsitsa thupi. Apongozi shawa sankaikhulupirira. M'mawa ndi madzulo ankatereka mapoto pa sitovu ya gasi, moto wonse uli lawilawi, n'kuthira madziwo mu ndowa kukasamba ngati ali kwawo ku Dedza. Madzi a makina anga ali phee m'thanki.

Ndinatuma mkazi wanga kuti akawafotokozere. Anabwerako akuseka.

"Akuti madzi osaona moto sachotsa kutopa. Akutinso ngati bambo ali ndi mawu, abwere anene okha."

Ine? Kukaimirira pamaso pa apongozi n'kumawauza za kasambidwe kawo? Bola kufa!

Malire anatsegulidwa, ndege zinayamba kuuluka, ya tikiti sinabwerere mpaka lero. Koma masamu anga sanalakwe ngakhale pang'ono, ndipo wotsutsa akatsutsire kunyumba kwake. Tsopano tsitsani mawu, a Mbewe, mundibise kumbuyo kwanuko. Apongozi akudutsa ndi ndowa.