Msana Wanga, Machila ndi Nthenga za Bakha

Lolemba

Ndili pa tchuthi chosapempha. A Harold, agogo amene ndakhala ndikuwasamalira ku Gaithersburg, ana awo awasamutsira kunyumba ya okalamba. Ku ofesi akuti wodwala wina andipezera sabata yamawa. Kuno ku Wheaton m'nyumba muli zii. Firiji yokha ndiyo ikung'ung'udza.

Potsanzikana, a Harold andisiyira chikwama. M'kati mwake muli machila awiri a nsalu yopyapyala, omangirira pamitengo, aja azungu amagonapo kutchire popanda wowakakamiza. Mawu awo: "Upite ndi mwana wako asanakule."

Mwana wanga Tadala ndi mtsikana wa ku sekondale. Chipatukireni ife, amakhala ndi amake ku Fairfax. Tikakumana timadya tchipisi ku molo, chinyumba chachikulu cha masitolo, iye maso pa foni, ine maso pa iye. Ndamulembera: "Loweruka tikagone kutchire, pamachila?" Yankho lafika madzulo: "Okay Dad." Ndi kankhope komwetulira! Ndakakulitsa kuti ndione bwino. Kakumwetuliradi.

Zofunika:
tochi
soseji
nkhani zoti tikakambirane (ndiziganizire)

Ndaimbira amayi ku Dedza kuti ndiwauze. "Machila? Wadwala chiyani? Akunyamula ndani?" Ndafotokoza kuti palibe wondinyamula, ndikukadzigoneka ndekha panja, kufuna kusangalala. Kenako: "Akuthamangitsa m'nyumba eti? Usandibisire."

Lachiwiri

Kusitolo ya zinthu za kutchire. Ndalowa kukagula tochi basi, koma ndatuluka ndi mutu waukulu.

Wogulitsa, wandevu mpaka pachifuwa, atamva za machila mu Novembala, mwezi wozizira kuno, wagwira pamtima. Akuti bulangete silithandiza. Ukaligonera limaphwatalala, ndiye mphepo imadutsa pansi n'kumakumenya msana usiku wonse. Pamafunika chofunda china chopachika kunsi kwa machila, kunja kwake, choti chizikukumbatira osachigonera. Chofunda chapansi! Ndakula mpaka imvi ndikudziwa kuti munthu amafunda pamwamba.

Ndamuuza kuti ndine wa ku Dedza, kuzizira timakudziwa. Wagwedeza mutu mwaulemu ngati mmene ndimachitira ine wodwala akamandiuza kuti ali bwinobwino.

Mitundu ilipo iwiri.

Cha nthenga za bakha: chopepuka, chimatentha kwambiri, chimapindika n'kukhala ngati kabanzi. Koma chikanyowa, basi, ntchito yatha.

Cha ulusi wa kufakitale: cholemera, chimadzaza chikwama, sichitentha ngati chinzake. Koma chikanyowa chimapirira.

Ndafunsa: bakha amakhala m'madzi, nanga nthenga zake zikuopa madzi bwanji? Wayankha nthawi yaitali. Sindinamve kanthu. Watchulanso zina zofunika kugula, ine mutu uli pa bakha.

Kenako funso lake: "Inu mumagona motentha kapena mozizira? Ngati simukudziwa, kafunseni amene mumagona naye."

Ndaseka. Ndagula tochi. Ndabwera kunyumba.

Lachitatu

Sindingangokhulupirira munthu chifukwa cha ndevu. Ndiyesa ndekha.

Kuseri kwa mdadada wathu kuli mitengo iwiri. Masana ano ndamangirira machila, ndavala majuzi awiri, ndafunda bulangete langa lalikulu lija la chithunzi cha kambuku. Kulowa kokha ndi nkhondo. Koyamba andilavulira uko. Kachiwiri ndakhazikika.

Poyamba, mtendere. Masamba akugwa, agologolo akuthamangitsana. Ndayamba kukonzekera nkhani za Loweruka. "Sukulu ikuyenda bwanji?" Ayi, imeneyo amayankha ndi liwu limodzi. "Ukudziwa kuti uli wakhanda unkagona pachifuwa panga pokha?" Imeneyo mwina.

Posakhalitsa msana wayamba. Mayo ine! Pamimba ndili ku Nsanje, kumsana ndili pamwamba pa phiri la Dedza mu Juni. Wandevu uja sananame.

Ndili mkati monjenjemera, kwabwera mayi wina wachikulire wa chipinda cha pamwamba pa changa. Wanyamula supu m'kapu. Akulankhula pang'onopang'ono, mokweza: "Bambo, kuli malo ogona aulere kutchalitchi chathu. Musachite manyazi." Mayi ameneyu ndakhala ndikumutsegulira chitseko zaka zonsezi. Sanandizindikire.

Supu ndalandira. Ya nkhuku. Yokoma.

Lachinayi

Ndaimbira a Tembo, mnzanga wa kuntchito wochokera ku Lusaka, munthu wodziwa njira yachidule ya chilichonse. "Iwe mudala, manje ufuna kugula nthenga? Tenga chabe duveti yako, umange pansi na mapegi. Yasila nkhani!"

Ndatenga duveti, chofunda changa chokhuthala cha pabedi, ndi mapegi oyanikira zovala. Kumitengo kuja. Duveti yalendewera ngati mimba ya ng'ombe, mpata pakati pake ndi msana wanga woti mbuzi n'kudutsa. Mphepo ikulowa mbali iyi, kutulukira mbali iyo, osapereka moni. Ndakoka kuti ithine. Mapegi athothoka onse, thapu! thapu! Limodzi landimenya pakhutu.

Mwana wanga sangagone chonchi. Akazizidwa kamodzi sadzabweranso.

Ndabwerera kusitolo. Ndaima pakati pa mitundu iwiri ija mpaka miyendo kuwawa. Nthenga, ulusi. Ulusi, nthenga. Ndalowetsa dzanja m'cha nthenga, ndipo dzanja lakana kutuluka. Ndagula chimenecho, chimodzi, cha Tadala. Mtengo wake sindilemba, cholembera chingakomoke. Ine ndikalimbana ndi duveti. Ndine wa ku Dedza.

Ndamutumizira chithunzi chake. Sanayankhe. Ali ndi homuweki, ndikudziwa.

Lachisanu

Pa foni akuti mawa kugwa mvula. Nthenga ndi mvula! Ndazimitsa foni n'kuyatsanso. Mvula ikadalipo.

Soseji ndagula. Ndagulanso timaswiti toyera tofewa tomwe ana a kuno amawotcha pamoto. Ndalawa kamodzi. Ngati kutafuna matiresi.

Masana foni yalira. Amake Tadala. Moni palibe. "Ndamva zoti mukufuna mukapachike mwana wanga pamtengo ngati mleme. Mu Novembala. Bambo ake Tadala, muli bwinobwino?" Ndayamba kufotokoza za nthenga za bakha, kuti zimasunga mpweya wotentha, kuti sizifunika kuzigonera. Ndalankhula bwino kwambiri, wandevu akanandinyadira. Pomaliza ndapeza kuti foni inaduka kalekale.

Madzulo uthenga wa Tadala, wachingerezi. Akuti pepani adadi, ankaganiza kuti ndikunena za nthawi yotentha. Mawa mnzake ali ndi phwando la tsiku lobadwa ndipo onse akagona komweko. Kankhope kachisoni. Kamtima.

Ndalemba yankho lalitali. Ndafufuta. Ndalemba lina. Ndafufuta. Ndatumiza: "Palibe vuto mwanawe, ukasangalale."

Chikwama chili pakhomo, chomangamanga kale.

Loweruka

Ndapita ndekha. Malo ndinasungitsa kale, nanga soseji adye ndani?

Nkhalango yake ndi yokongola, yopanda masamba, yopanda anthu ambiri. Kutsidya kuli banja limodzi lokha ndi tenti yawo, akuseka mozungulira moto. Bamboyo wandikwezera dzanja. Ndakweza langa. Zathera pomwepo.

Ndamangirira machila onse awiri. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndangozindikira ndamaliza kale.

Chofunda cha nthenga ndapachika pansi pa anga, poti mwini wake kulibe. Ndalowa. Abale! Kutentha kukuchokera kumsana ngati munthu wakufungata. Mphepo ikuwomba, ine osaimva. Ndasankha bwino! Ndatembenuka kuti ndiuze munthu. Machila enawo akungogwedezeka okha.

Kenako dontho pamphumi. Lina m'diso. Apa m'pamene ndakumbukira zina zija wandevu ankatchula ine mutu uli pa bakha: lona lotchinga pamwamba. Lona! Ndilibe.

Ndadumpha, kapena ndinene kuti ndagwa. Ndamasula chofunda, ndachikumbatira ngati khanda, liwiro la kugalimoto. Chapulumuka, sichinanyowe. Ine ndanyowa mpaka m'masokosi. Pobwerera kukatenga zotsala ndapeza kanyama kamaso akuda ngati kavala magalasi kali m'chikwama, soseji kukamwa. Kandiyang'ana osachita manyazi. Timaswiti tija katisiya. Nakonso kali ndi nzeru.

Kusanade n'komwe ndili kale pamsewu wobwerera, hita mpaka kumapeto, mano akugundana. Chofunda chili pampando wa kutsogolo, chouma bwinobwino.

Lamulungu

Chimfine. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, ndikuyetsemula pa vesi lililonse. Amayi ena a chigwirizano andipatsa tishu n'kusuntha mpando.

Tadala watumiza chithunzi cha kuphwando. Atsikana aunjikana pakapeti, iye pakati, akuseka mpaka maso kutsekeka. Sindinamuonepo akuseka choncho chaka chino. Ndachisunga.

Machila ndayanika m'bafa. Duveti yabwerera pabedi, ikununkha masamba.

Masana ndapita kusitolo kukabweza chofunda. Wandevu kulibe. Pamalo obwezera katundu pali mayi wa magalasi a chingwe. Wandifunsa chifukwa chobwezera. Ndangoti ndiyankhe mwachidule, koma pakamwa patseguka: a Harold, supu, mapegi, mvula, kanyama kaja, Tadala. Zonse. Kumbuyo kwanga mzere wakula, wina akutsokomola dala. Mayiyo wamvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

Nditamaliza wati: "Pepani kwambiri. Koma ndiyenera kulemba chimodzi. Katunduyu ali ndi vuto?"

Ndachiyang'ana. Ndalowetsamo dzanja.

"Ayi," ndatero. "Ameneyu alibe vuto."

Ndachinyamula, ndabwera nacho kunyumba. Tsopano ndisite yunifolomu ya kuntchito.