Kabokosi Koyeza Utsi Pakhonde Panga

Amene mumati sindinagwirepo ntchito ya sayansi, khalani pansi mundimve, mutsutse ndikamaliza. Ine ndinafika Fomu 4, ndipo mpweya wa mzinda uno unayezedwapo pakhonde panga. Panga ineyo!

Kuseri kwa nyumba zathu kunali dzala lotenthapo zinyalala za msika wonse. Utsi wake, inu, ngakhale zovala pachingwe zinkatsokomola. Tinadandaula mpaka kukhosi kuuma, koma akuluakulu a mzinda ankangoti, "Umboni uli kuti?" Ndiye tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, wovala magalasi, atanyamula kabokosi koyera ka timabowo.

"Mayi, aka kamayeza utsi ndi fumbi mumpweya. Tikakhomera pakhonde panu pano milungu iwiri. Manambala akakwera, dzala lija lichotsedwa. Koma chonde, musakagwire."

"Mwanawe, ukulankhula ndi munthu wophunzira," ndinatero mokweza, kuti atelala a nyumba yoyandikana nafe amve. Anamvadi, mashini awo mpaka anaima ndi nsanje.

Masiku awiri okha, kabokosi kada bii! Tamverani, pakhonde panga munthu amadziona nkhope pasimenti, ndiye alendo apeze chinthu chamwaye? Ndinakapukuta. Kupukuta si kugwira, imagwira ndi nsalu. M'mawa mwake kadanso. Ndinakalukira kansalu kamaluwa n'kukaveka, kanachita kukongola ngati mkwatibwi. Loweruka utsi utafika potseka dzuwa, ndinakamvera chisoni. Ndinakachotsa pamsomali n'kukaika m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu a alendo.

"Mayi a ana, kanthuko si paja anati kazikhala panja?" anafunsa bambo a kunyumba.

"Inu munalekezera Sitandade 6. Katundu wa yunivesite ndimusiye pautsi?"

"Pepani, aprofesa," anatero, n'kubwerera ku nyuzipepala yawo.

Kanakhala m'kabatimo sabata yathunthu mwaulemu wake. Kenaka masana ena ndinaona mphemvu ikulowa pakabowo. Pajatu akuluakulu anati mlendo sagonekedwa ndi mphemvu. Ngati sanatero, anayenera kutero. Ndinatenga mankhwala opopera udzudzu, fooo, theka la chitini!

Ola lisanathe, galimoto yaima pakhomo. Mtsikana uja watuluka akuthamanga, nsapato imodzi yatsala m'galimoto.

"Mayi, kwapsa kuti?"

"Kupsa chiyani?"

"Manambala a kabokosi kaja amafika pakompyuta yathu. Sabata yonseyi mpweya wanu unali wabwino kuposa wa pamwamba pa phiri, tinkangokanda mitu. Lero wafika poti munthu sangakhale moyo!"

Apo maso ake anagwera pamsomali wopanda kanthu. Ndinamutsogolera pabalaza mutu uli m'mwamba, n'kutsekula kabati. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Mayi, ndiye kuti masiku onsewa takhala tikuyeza mpweya wa makapu?"

"Koma taona mmene kayerera," ndinatero.

Atelala anali atasuzumira kale pawindo, tepi ili m'khosi. "Anzathu ophunzira, ndiye dzala lija lichoka ndi umboni wa makapu?"

Nkhani inathamanga kuposa utsi womwewo. Mzere wonse wa nyumba unasiya kundipatsa moni, ena akandiona ankachita kutsokomola dala. Kabokosi kanasamukira pakhonde pa atelala, munthu amene chibadwire sanapukutepo kanthu. Kanada ngati kunsi kwa poto, manambala anakwera, dzala linachotsedwa. M'nyuzipepala munatuluka chithunzi cha atelala, mano onse panja, ati mayi wosamala za chilengedwe. Kulipidwa chifukwa cha uve, inu!

Mukufunsa kuti ine ndinapindulapo chiyani? Chipewa chimodzi cha ku yunivesite, chimene amavala ndi bambo a kunyumba. Msomali umodzi pakhonde, ndimapachikapo mopu. Mphemvu imodzi yakufa. Ndi dzina loti Aprofesa, limene amandiitana mpaka kumsika.

Ndipo musadzinamize, ndimayankha.