Kagalimoto Kanga Kalephera Mayeso Chifukwa Chomvera Lamulo

Kwa Bwana Mkulu Woyeza Utsi wa Magalimoto m'chigawo chathu,

Wolemekezeka Bwana,

Ndawerama mpaka msana kulira. Ndine Kuramochi Tatsuzo, mlimi wa bowa wa kumtunda kuphiri, mwini wa kagalimoto koyera kaja mwakakaniza chiphaso kawiri konse. Chiphaso chakale chitha Lachinayi. Lachisanu akazi anga, a Fusae, ayenera kukafika kuchipatala kuti makina akawatsuke magazi, poti impso zawo zinatopa. Koma sindikudandaula ayi, ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa umakaniko ndili ndi zaka 74. Makina anu atanena mwezi watha kuti utsi wanga ndi woipa, ndinasintha mapulagi, oilo ndi sefa ya mpweya. Ndinapita nako ngakhale kukachisi kuti akakadalitse, wansembe nakakupiza ndi ndodo yake ya mapepala oyera, zitseko zonse zili pululu. Kenako makaniko wathu, a Hirabayashi, anandiuza mosapsatira kuti: "Achimwene, galimotoyi ilibe mlandu, vuto ndi phazi lanulo. Mumayenda ngati mwanyamula mazira! Chitsulo choyeretsa utsi mu ekizozimu chimagwira ntchito chikatentha. Kaithamangitseni, ikafike kumeneko ili moto."

Lachiwiri ndinachitadi zomwezo. Ndinatsika phiri pa liwiro limene sindinalionepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndikupepesa aliyense amene ndinkamupitirira. Ndinafika pachipata panu injini ili juu.

Chachiwiri, ndithokoze chikwangwani chanu chokongola chija: "Zimitsani injini podikira." Bwana, ine ndi munthu woima pa nyali yofiira ngakhale msewu uli zii. Ndinazimitsa. Ndinakhala pamzere maola awiri, chipale chikugwa, mpaka injini inazizira kuposa mapazi anga. Wantchito wanu analowetsa kachitsulo kake mu ekizozi, nawerama mwaulemu kwambiri, nandiuza kuti ndalepheranso. Anzanga amene anasiya mainjini akulira, akunamizira kuti chikwangwani sakuchiona, onse anakhoza. Kunena zoona zinandiwawa, ndipo ndinatukwana chamumtima.

Chachitatu, mukapereke moni wanga kwa anzanu amene anachotsa basi ya kwathu zaka zitatu zapitazo. Basi imeneyo tsopano situlutsa utsi ngakhale pang'ono. Imeneyo ndiyo ntchito.

Potuluka pachipata panu Lachiwiri lija ndinaona chinthu chimene chinanditonthoza. Pansi penipeni pa chikwangwani chija panaima galimoto yaikulu yakuda, injini ikulira mwakachetechete, dalaivala ali m'katimo. Nditafunsa, anandiuza kuti ndi yanu, amaitenthetsa tsiku lonse kuti mungazizidwe pokwera. Ndinasangalala kudziwa kuti nzeru za a Hirabayashi inu munazidziwa kalekale, kungoti munaiwala kuzilemba pachikwangwani.

Choncho sindikupempha chiphaso, ndani ine? Ndikungopempha kuti Lachisanu 7 koloko m'mawa mutumize galimoto yanuyo kumtunda kuno. Nyumba ndi yomaliza, msewu ukathera. A Fusae adzakhala atavala kale, ndipo sachedwetsa munthu. Inuyo mudzatsale ndi kanga. Kamayenda bwinobwino, kungoti musadzakazimitse.

Ine wanu womvera malamulo onse, ngakhale otsutsana,

Kuramochi Tatsuzo